Mafunso ndi mayankho okhudza chimbale chakale cha magule a Dvořák

Kunyumba kwathu kuno ku Dedza boma ndimasunga zimbale za galamafoni, ndipo pa zonsezo, ziwiri zimene alendo amakonda kuzitembenuzatembenuza m'manja uku akufunsa mafunso ndi za magule otchedwa Slavonic Dances, amene anapeka Antonín Dvořák, oyimbidwa ndi gulu la Cleveland Orchestra motsogozedwa ndi George Szell. Ena amafunsa za nyimbozo, ena za chimbale chenichenicho, pamene achikulire amene amakumbukira gumbagumba imene achibale awo anabwera nayo pochokera kumigodi ya ku Joni amafuna kudziwa ngati makina akale aja angathe kuimba chimbale chotere. Mafunsowo ndawasonkhanitsa pano, ndipo ndikuwayankha monga mmene ndimayankhira munthu amene wakhala nane pansi kuti timvere limodzi.

Kodi nyimbo zimenezi ndi zotani, ndipo zinachokera kuti?

Ndi magule 16 opanda mawu oyimba pakamwa, amene amayimbidwa ndi gulu lalikulu la anthu ogwiritsa ntchito mavayolini ndi zida zina zazingwe zokulirapo, zitoliro zamitundumitundu, malipenga ndi ng'oma. Dvořák anabadwa mu 1841 m'mudzi wa Nelahozeves, kufupi ndi mzinda wa Prague, m'dera la Bohemia limene lero lili m'dziko la Czech Republic. Bambo ake ankagulitsa nyama komanso ankayang'anira nyumba ya alendo, choncho mwanayo anakula akumva nyimbo zimene anthu wamba ankavina akaweruka kuntchito, ndipo iye mwini anaphunzira vayolini akadali wamng'ono.

Magule asanu ndi atatu oyambirira anawalemba mu 1878, ndipo pachikuto mudzawaona atalembedwa kuti Op. 46, imene ndi nambala ya ntchitoyo pa mndandanda wa nyimbo zake. Asanu ndi atatu enawo, amene ndi Op. 72, anawapeka mu 1886. Amene anamupempha ntchitoyi anali Fritz Simrock, wosindikiza nyimbo wa ku Berlin, amene anamva za Dvořák kudzera mwa Johannes Brahms, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Germany. Poyamba magulewa analembedwera anthu awiri oimba piyano imodzi atakhala pamodzi, chifukwa masiku amenewo kunalibe zimbale kapena wailesi, ndipo banja lofuna nyimbo m'nyumba linkagula pepala la nyimbo n'kudziimbira lokha. Kenako Dvořák anawakonzanso kuti aziyimbidwa ndi gulu lonse la zida, ndipo ndi magule a 1878 amene anachititsa kuti dzina lake limveke kunja kwa dziko la kwawo.

Ngati ndi magule akumudzi, kodi Dvořák sanangotenga nyimbo za anthu n'kulembapo dzina lake?

Ayi, ndipo funsoli ndi loyenera, chifukwa ife timadziwa mmene zimawawira nyimbo ya pabwalo ikatengedwa ndi munthu mmodzi amene kenako amayamba kunena kuti ndi yake. Dvořák sanatenge nyimbo za eni. Chimene anatenga ndi kavinidwe, ndiye kuti kagundidwe, liwiro ndi mtima wa gule aliyense, ndipo pamwamba pa zimenezo anapekapo nyimbo zakezake. Tingayerekeze ndi munthu wa ku Ntcheu amene wakula akuvina ngoma, ndipo tsiku lina wapeka nyimbo yatsopano imene palibe anaimvapo, koma amadoda akangoimva akudziwa nthawi yomweyo poponda phazi.

Anzake ena anachita mosiyana. Brahms, pa magule ake 21 otchedwa Hungarian Dances, amene anatuluka mu 1869 ndi mu 1880, ambiri anawakonza kuchokera ku nyimbo zimene zinalipo kale, ndipo gule wachisanu, amene ndi wotchuka kuposa onse, anachokera ku nyimbo ya munthu wina dzina lake Béla Kéler. Béla Bartók wa ku Hungary anapita patsogolo, popeza ankayenda m'midzi atanyamula makina ojambulira mawu pa phula, n'kumajambula alimi ndi abusa akuimba, ndipo magule ake otchedwa Romanian Folk Dances a 1915 ndi nyimbo zenizeni za anthu a ku Transylvania, dera limene lero lili m'dziko la Romania, zimene iye anaziveka zovala zatsopano. Njira zitatuzi n'zosiyana, ndipo ndi bwino kudziwa imene mukumvera.

Munthu wa kuno, amene sanapondepo ku Ulaya, angamvemo chiyani?

Apa ndi pamene ndimakonda kuchedwapo, chifukwa ambiri amalowa m'nyumba ali ndi maganizo akuti nyimbo zoterezi ndi za anthu ophunzira kwambiri ndipo zimafuna makutu ena apadera. Ine ndimakhulupirira kuti munthu amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule ali kale ndi makutu amene chimbalechi chimafuna, ndipo pa mbali ya kagundidwe amaposa anthu ambiri amene anaphunzira nyimbo papepala.

Tengani gule woyamba wa Op. 46, amene ndi wa mtundu wotchedwa furiant, gule wachangu ndi wonyada wa ku Bohemia. Chinsinsi chake chagona pa kawerengedwe. Ombani m'manja kasanu ndi kamodzi koma mukugawa pawiripawiri, kuti 1-2, 1-2, 1-2, kenako ombaninso kasanu ndi kamodzi mukugawa patatupatatu, kuti 1-2-3, 1-2-3. Nthawi imene yadutsa ndi yofanana, koma thupi limamva ngati pansi pasuntha, ndipo wovina amene sanakonzeke amaponda polakwika. Kusinthana kwa ziwiri ndi zitatu kumeneku anthu a ku Ulaya amakutenga ngati chinthu chapadera, pamene kwa ife ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi oyimba ng'oma za Gule Wamkulu amadziwa mmene mpanje umagwirira njira yake mosatekeseka pamene mbalule ikudumpha pamwamba, kulankhula ndi mapazi a wovina, ndipo aliyense amene anaonapo amayi akuomba m'manja pa chisamba amadziwa kuti manja a magulu awiri angathe kupita njira ziwiri popanda kusokonezana. Kusiyana kwake n'kwakuti ife kawirikawiri timaika ziwiri ndi zitatu pamodzi, china pamwamba pa chinzake, pamene furiant amaziika motsatizana. Ndaonapo mayi wachikulire wa kwa Kachindamoto, amene anali asanamvepo dzina la Dvořák, akugwedeza phewa molondola gule woyambayu asanafike pakati, pamene mnyamata wa ku koleji amene anali naye ankavutikabe kuwerenga ndi zala.

Chachiwiri ndi kuyambitsa ndi kuvomera. Mu gule wachisanu ndi chiwiri wa Op. 46, chitoliro china chamawu opyapyala chotchedwa oboe chimayamba nyimbo, ndipo chisanamalize, china chamawu akulu chotchedwa bassoon chimalowa ndi nyimbo yomweyo, kuchitsatira pambuyo ngati mwana wotsatira amake panjira ya kudimba. Ife amene tinazolowera kuti mmodzi ayambitse ndipo ena avomere asanatsirize sitivutika kugwira mbali ziwirizo nthawi imodzi.

Chachitatu ndi chisoni chimene chimasanduka chimwemwe mosapempha chilolezo. Gule wa dumka, amene mizu yake ili ku Ukraine, amayamba mwapang'onopang'ono ngati munthu wokumbukira wakufa, kenako mwadzidzidzi amathamanga, ndipo pambuyo pake amabwereranso ku chisoni chija. Alendo ena amati zimenezi n'zosalongosoka. Koma amene anagonapo pa siwa amadziwa kuti nyimbo yolira ndi nyimbo yovina zimakhala pakhomo limodzi usiku umodzi, ndipo palibe amene amaona ngati zikutsutsana.

Ndiyambire pa gule uti?

Yambani ndi wachisanu ndi chitatu wa Op. 46, amenenso ndi furiant, chifukwa mphamvu yake imafanana ndi ya amuna ovina ngoma ku Lizulu akagunda pansi onse pamodzi zishango zili m'manja. Mukatero pitani ku wachiwiri wa Op. 72, amene ndi wodekha kwambiri ndipo kwa ine ndi wokongola kuposa onse 16. Musamvere onse tsiku limodzi ulendo woyamba. Mbali imodzi ya chimbale, imene imatenga mphindi pafupifupi 20, ndi yokwanira.

Kodi magule onsewa ndi a mtundu umodzi wa anthu?

Ayi. A mu 1878 ambiri ndi a ku Bohemia kwawo kwa Dvořák, monga polka, sousedská amene ndi gule woyenda mofatsa wa anthu okhwima, ndi skočná amene dzina lake limanena za kudumpha. Pa gulu la 1886 anatambasula dzanja n'kutengako odzemek wa ku Slovakia, polonaise wa ku Poland ndi kolo wa ku Serbia, amene anthu amavina atapanga bwalo. Anthu onsewa zilankhulo zawo n'zapachibale, monga mmene Chichewa chilili ndi Chitumbuka kapena Chisena, ndipo pa nthawiyo ambiri mwa iwo ankalamulidwa ndi maufumu a anthu ena. Bohemia inali pansi pa Austria-Hungary. Choncho kuika magule a alimi m'nyumba zikuluzikulu zoimbiramo kunali kunena poyera kuti anthu amenewa ali ndi chawo cholemekezeka.

N'chifukwa chiyani mumayamikira kwambiri kaimbidwe ka George Szell?

Szell anabadwira ku Budapest mu 1897, anagwirapo ntchito ku Prague, ndipo anatsogolera Cleveland Orchestra ya ku America kuyambira mu 1946 mpaka imfa yake mu 1970. Magulewa anawajambula ndi gululi m'zaka za m'ma 1960. Ankadziwika ngati munthu wokhwimitsa zinthu amene sankalola kuti woimba aliyense atsogole kapena atsalire, ndipo zotsatira zake mumazimva pa chimbale: anthu makumimakumi akugunda ngati phazi limodzi, ndipo ngakhale pamene nyimbo yathamanga kwambiri mungathe kusankha chida chimodzi n'kuchitsatira mpaka kumapeto. Pa nyimbo zovina, kugundira pamodzi kumeneku ndi kumene kumanyamula thupi.

Sindikunena kuti palibe wina. Václav Talich anajambula magule omwewa ndi Czech Philharmonic mu 1950, ndipo ngakhale mawu ake ndi a makina akale otulutsira mbali imodzi, kaimbidwe kake kali ndi kufewa kwa eni nyimbo, amene amadziwa pochedwetsa pang'ono ndi popumira. Rafael Kubelík, amene anali wa ku Bohemia ngati Dvořák, anawajambula ndi gulu la wailesi ya ku Bavaria m'zaka za m'ma 1970. Mukapeza mwayi womva awiri mwa atatuwa motsatizana, mudzazindikira kuti pepala la nyimbo ndi limodzi koma mtsogoleri aliyense amalivinitsa mwake, monga mmene nyimbo imodzi ya chimtali imasiyanirana pakati pa mudzi uno ndi wa tsidya la mtsinje.

Bwanji osangomvera pa foni? Kodi chimbale chimamveka bwino kuposa?

Ndiyankhe moona mtima. Tikayeza ndi makina, nyimbo yosungidwa bwino pa kompyuta kapena pa CD imakhala yoyera kuposa ya pa chimbale, popeza ilibe kuthetheka, siitha ndi kuimbidwa, ndipo imasiyanitsa bwino mawu otsika ndi okwera. Amene amati chimbale chimaposa pa chilichonse amawonjezera. Vuto la foni silili pa nyimbo koma pa kasipika kake kakang'ono, kamene kamataya mawu onse akulu a zida zazingwe zikuluzikulu ndi ng'oma, ndipo amenewo ndiwo maziko a gule.

Chimene chimbale chimachita, chimene foni singachite, ndi kukukhazikani pansi. Mumachitulutsa m'chikuto, kuchipukuta, kuika singano, ndipo kwa mphindi 20 palibe uthenga umene ukulowa kapena chala chimene chikudumphira nyimbo ina. Magulewa mumawamva mu ndondomeko yake, wachangu akutsatidwa ndi wodekha, ndipo mbali ikatha mumaimirira kukatembenuza. Komanso zimbale za Szell zinakonzedwa pa nthawi imene akatswiri ojambula ankaganizira makina amenewa, choncho mukumva ntchitoyo mmene anthu oyamba anaimvera.

Kodi mawu amakhala bwanji m'chimbale?

Mbali iliyonse ili ndi kamzere kamodzi kokha kozokotedwa, kamene kamazungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Makoma awiri a kamzereko ali ndi timakwinya tosaoneka ndi maso, ndipo singano ikamadutsa imanjenjemera motsatira timakwinyato. Kunjenjemerako kumasanduka mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi m'kamutu kogwira singano, ndipo ampulifaya imaikulitsa n'kuitumiza ku masipika. Chimbale chotere, chotalika masentimita 30 kuchokera mbali ina kufika ina ndiponso chozungulira maulendo 33 ndi kachigawo pa mphindi imodzi, chinayamba ndi kampani ya Columbia mu 1948. Kuyambira mu 1958 zimbale za stereo zinafala, ndipo pa zimenezi khoma limodzi la kamzere limanyamula mawu a sipika ya kumanzere, linalo a kumanja. N'chifukwa chake pa chimbale cha Szell mavayolini mumawamva kumanzere pamene zida zamawu akulu zili kumanja, ngati kuti gululo lakhala patsogolo panu.

Kodi makina akale amene ali kumudzi angagwire ntchito?

Zimatengera mtundu wake, ndipo apa ndikupempha kusamala kwambiri. Galamafoni yopukusa ndi dzanja, ya singano yachitsulo, inapangidwira zimbale zolimba ndi zosachedwa kusweka zozungulira maulendo 78 pa mphindi. Mukaika chimbale cha 33 pa makina amenewo, singano yake yonenepa ndi mkono wake wolemera zidzalima kamzere kaja ulendo umodzi wokha, ndipo chimbalecho sichidzabwereranso mwakale. Gumbagumba ya mabatire kapena ya magetsi imene ili ndi posankhira 33 ndi 45 ingathe kuimba, koma musanaikepo chimbale chimene mumachikonda, sinthani singano, chifukwa singano yakutha imadya chimbale mosaoneka. Pa makina abwino, mkono uyenera kupanikiza chimbale ndi kulemera kwa magalamu awiri kapena kuyandikira pamenepo, motsatira zimene anapanga kamutuko ananena. Chizolowezi choika ndalama yachitsulo pamutu wa mkono kuti singano isadumphe chinawononga zimbale zambiri m'dziko muno.

Zinthu zina ziwiri zimasokoneza anthu. Choyamba, makina ochokera ku America anapangidwira magetsi a mphamvu ya mavolti 120 ogunda maulendo 60 pa sekondi, pamene athu ndi a 230 ogunda maulendo 50. Popanda chotsitsira mphamvu makinawo amapsa, ndipo ngakhale chilipo, ena mwa iwo amene liwiro lawo limadalira kugunda kwa magetsi amazungulira maulendo pafupifupi 28 m'malo mwa 33, moti furiant amamveka ngati wotopa. Chachiwiri, pokonza chimbale amachepetsa dala mawu akulu kuti kamzere kasakule kwambiri, ndipo ampulifaya iyenera kuwabwezeretsa. Choncho chingwe cha makina chilowe pamene palembedwa kuti phono. Mukachilowetsa pena, mawu amatuluka ochepa ndi opyapyala, ndipo munthu amaganiza kuti chimbale n'chowonongeka pamene chili bwinobwino.

Ndingachisamale bwanji pa nyengo ya kuno?

Adani ake ndi atatu: kutentha, fumbi ndi chinyezi. Ife a pa Dedza boma, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, tili ndi mwayi pa nkhani ya kutentha, koma a kumunsi ku Mtakataka, ku Golomoti kapena m'chigwa cha Bwanje ayenera kudziwa kuti chimbale chosiyidwa pawindo, m'galimoto kapena pamwamba pa kabati pafupi ndi malata mu Okutobala chimapindika ngati mbale ya pulasitiki imene yayandikira moto. Ine ndinataya chimbale chimodzi mwa njira imeneyi nditachisiya pampando wa galimoto kwa maola ochepa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Zimbale zisungidwe choimirira ngati mabuku, osati kusanjikizana, ndipo chilichonse chikhale m'kathumba kake ka mkati.

Fumbi la m'chilimwe limalowa m'kamzere, choncho pukutani ndi kansalu kofewa kosatulutsa ulusi musanaimbe, motsatira mizere mozungulira osati modula. Chikada kwambiri, chitsukeni ndi madzi osungunulidwa amene amathira m'mabatire a galimoto, amene amagulitsidwa m'botolo ndipo alibe asidi, mosamala kuti pepala la pakati lisanyowe, kenako chiume choimirira pamthunzi. Madzi a pamjigo amasiya timiyala tosaoneka m'kamzere. Pogwira, gwirani m'mphepete ndi papepala la pakati, chifukwa mafuta a m'zala amaitana fumbi. Pa nthawi ya dzinja ndi ya nkhungu za Juni ndi Julaye, chikuto chimachita nguwi ngati chatsamira khoma lozizira, choncho siyani mpata pakati pa shelefu ndi khomalo.

Nanga kuthetheka kumene kumamveka, ndi chizindikiro chakuti chimbale chatha?

Osati nthawi zonse. Kuthetheka kwa apo ndi apo kawirikawiri ndi fumbi, ndipo kumachepa mukatsuka. Kugogoda kobwera pa nthawi yofanana ulendo uliwonse chimbale chikazungulira ndi chipsera cha kukandika, ndipo chimenecho sichichoka. Mawu akamasasa pamene gulu lonse lakweza, makamaka chakumapeto kwa mbali pamene singano yayandikira pakati, ndiye kuti mwina singano yatha kapena chimbalecho chinaimbidwa kale ndi singano yoipa. Pogula chakale, chitulutseni m'chikuto, muchipendeketse padzuwa kuti muone zokandika, ndipo muchiyang'ane cham'mbali kuti mudziwe ngati n'chopindika.

Kodi magulewa amavinika?

Dvořák anawalembera omvera atakhala pansi, ndipo liwiro lake limasinthasintha kwambiri moti anthu a kumudzi kwawo sakanawavina monga ankavinira polka ya paukwati. Komabe sindinaletsepo mwana amene waimirira kuti avine, ndipo sindiona chifukwa choti wamkulu azimangika pampando phazi likufuna kugunda. Chimene ndimapempha n'chakuti ovinawo atalikire makina, chifukwa pansi pakagwedezeka singano imadumpha.

Kodi magule athu anajambulidwapo pa zimbale zotere?

Inde. Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, pamene linkatchedwa Nyasaland, n'kujambula nyimbo za Achewa, Angoni, Amang'anja, Atumbuka ndi ena, ndipo zambiri zinatuluka pa zimbale za mndandanda wotchedwa Sound of Africa. Zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa mu 1954 ndipo lero ili ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Ntchito yakeyo ikufanana ndi ya Bartók, yosunga mawu a eni mmene analili. Ya Dvořák inali ina, yotenga kagundidwe ka gule wa kwanu n'kupekapo nyimbo yatsopano ya zida zambiri, ndipo ndikamamvera furiant wachisanu ndi chitatu uja ndimalakalaka mwana wina wa ku Lizulu kapena wa ku Mua, wodziwa ngoma ndi chisamba kuchokera m'mapazi komanso wodziwa kulemba nyimbo papepala, atachita chimodzimodzi ndi kaligo, mavayolini, malipenga ndi mbalule pamodzi. Mwana woteroyo akabwera kunyumba kuno, ndidzayamba ndi kumuikira mbali yoyamba ya Op. 46, ndipo ndidzamupempha kuti aombe m'manja pamene akumva ziwiri zikusanduka zitatu.